Theka Lina la Lole

Nyumba ikayamba kupakiridwa imasintha mawu. Mzime anazindikira zimenezi m'mawa umene anatsitsa makatani: atatsokomola, chipinda chinamuyankha. Pakhoma panatsala mabala oyera pamene panali zithunzi, misomali ili tuzu ngati maso a anthu odziwa kanthu koma osafuna kunena.

Mtsikanayu ankasamuka. Osati kusamuka kopita kuseri kwa msika, koti munthu umasenza mpando pamutu n'kubwerera kudzatenga wina, ayi. Ankapita kumzinda wina, chigawo chinanso, kutali koti lole imagona panjira. Kumeneko n'kumene a kuntchito anatumiza bwenzi lake, Wamagetsi, ndipo n'kumene mnyamatayo anati akalembetsa ukwati. Dongosolo linali lakuti katundu atsogole pa lole, Mzime atsatire pa basi nyumba ikakonzeka. Ntchito yake ya m'sitolo ya nsalu anali atasiya kale. Mwini nyumba anali atamutsanzika kale. Kumbuyo kunalibe kobwerera.

Amayi ake anabwera kudzathandiza kupakira. Kunena zoona anabwera kudzakalipa, kupakirako kunali kongoperekeza.

"Katundu patsogolo, ukwati pambuyo," anatero uku akukulunga makapu m'manyuzipepala akale, mwamphamvu ngati akupotokola makosi a nkhuku. "Unaziona kuti zimenezi? Mapoto ako akukagona kwa mwamuna, iwe n'dzina lake lomwe usanatenge."

"Amayi, lole siyenda kawiri. Achimwene anati..."

"Achimwene! Achimwene! Kodi ndinabereka mwana wamwamuna ine osadziwa?"

Mzime anaseka, poti dzinali linali ndi mbiri yake. Tsiku loyamba kuonana, mnyamatayo anali pamwamba pa makwerero m'sitolo muja, nthambo ili kukamwa. "Achemwali, tandigwirirani makwererowa," anatero. Mzime anagwira n'kuyankha kuti, "Musagwe, achimwene, tilibe pokuikani." Kuyambira pamenepo dzina linakanirira. Ena amati wokondedwa, ena amati mtima wanga. Mzime ankati Achimwene, ndipo akatero mnyamatayo ankasungunuka ngati kandulo.

Amayi ake sankasungunuka.

"Abale ake tawaonapo ati? Amalume aja a jekete lobwereka, anangodya n'kuthawa mvula? Amayi ake ndi mawu a pafoni basi. Munthu amangophuka ngati bowa?"

"Ndi akutali, amayi."

"Nawenso ukupita kukakhala wakutali. Patse tepi yomatira iyo."

*

Loweruka Wamagetsi anafika pa basi, malaya ali osita bwino ngati sanakhale pampando ulendo wonsewo. Anabwera ndi Kapitawo wa kampani yonyamula katundu, bambo wamfupi, tepi yoyezera m'chiuno, pensulo kukhutu.

Kapitawoyo anayenda m'nyumba ngati wogula ng'ombe. Anayeza kabati, anagogoda bedi, anatsegula firiji n'kununkhiza.

"Iyi muizimitse isanakwere, ikhetse madzi. Imayenda choimirira, siigona. Galasi ili tilikulunga m'bulangeti. Botolo la gasi sitinyamula, pa sikelo ya kumalire amatitsitsa nalo. Maluwa a m'zitiniwa, mayi, atsanzikeni. Njira imeneija safika amoyo."

Mzime anayang'ana maluwa ake pazenera. Sanadziwe chifukwa chake mawuwo anamulowa m'mafupa chonchi.

Kapitawo atatchula mtengo, amayi a Mzime anakhala pa katoni n'kuvula nsapato imodzi. Amene amawadziwa amadziwa kuti akatero sanyamuka msanga.

"Bambo, tanenaninso. Khutu ili limatseka likamva nthabwala."

"Mafuta, amayi. Matayala. Anyamata okweza."

"Matayala ndi anu, simundisiyira ulendo ukatha. Mafuta mugula ndi ine kapena popanda ine. Anyamata anuwo ndawaona pageti, mmodzi mphepo ikhoza kumunyamula. Tsitsani."

"Amayi, mundipha."

"Simufa. Onenepa chonchi safa ndi mtengo wa lole. Tsitsani."

Kapitawo anapukuta thukuta, n'kukanda m'mutu ndi pensulo ija.

"Kunena chilungamo ndatsitsa kale. Katundu wanuyu ndi theka la lole. Theka linalo ndi la mayi ena aja, ndipo potsitsa ndi pamodzi, geti limodzi. Kupanda apo bwenzi mtengo uli kumwamba."

Madzi a pampopi wa kukhichini anamveka akudontha.

"Mayi ati?" anafunsa amayi a Mzime. Sanayang'ane Kapitawo. Anayang'ana Wamagetsi.

Mnyamatayo sanaphethire. "Ndi mlongo wanga, amayi. Ndimati ndinene lero lomwe. Ndi wa mayi ena, bambo anam'bereka kumbali, n'chifukwa chake kwathu satchulidwatchulidwa. Ndi namwino, naye wapeza malo kuchipatala cha kumeneko. Akhala m'chipinda cha kumbuyo mpaka apeze pake."

"Mlongo wotulukira pa mtengo wa lole," anatero amayiwo pang'onopang'ono. "Ndikanapanda kunenerera, bwenzi mwana wanga akukamupeza ali pampando. Chabwino. Mupatseni mwanayu nambala yake. Anthu ogawana lole azidziwana."

"Amatanganidwa kwambiri, amayi, ntchito yawo ija..."

"Zala ali nazo. Nambala."

Wamagetsi anaipereka.

*

Kuseri kwa nyumba kunali kakhonde kamene awiriwa ankakonda kukhala. Wamagetsi anagwira dzanja la Mzime, chala chake cha chipsera cha nthambo chikusisita pang'onopang'ono.

"Wakwiya?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndimaopa amayi ako. Alipo amene sawaopa? Wamuona Kapitawo uja, watuluka ataonda."

Mzime anafuna kusaseka, koma kuseka kunamuthawa m'mphuno.

"Nyumba ija ukaikonda," mnyamatayo anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Zenera la kukhichini limayang'ana kumsewu. Ndakuikira soketi pomwepo, kuti uzisita uku ukundiona ndikubwera."

"Ndani wakuuzani kuti ndizikudikirani pazenera?"

"Ukadikira. Ndikukudziwa."

"Mumadzimva, Achimwene."

Anamukokera pachifuwa. Fungo lake linali lomwe lija, la sopo ndi nthambo zopserera, ndipo mtima wa Mzime unakhala pansi. Atsikana ndi otero: mafunso khumi amafa ndi fungo la malaya.

"Chinthu chimodzi," anatero mnyamatayo, pakamwa pali m'tsitsi lake. "Mlamu wakoyo muzingolemberana za lole. Kukumana mukakumana konko. Ndipo za ukwati usamuuze kaye. Akangomva auza mayi ake, ndipo mayi akewo ndi mayi anga samwerana madzi. Angationongere."

Madzulo anakwera basi. Anakweza dzanja pazenera, koma basi isanakhote n'komwe Mzime anaona mutu wake utawerama kale pa foni.

*

Uthenga woyamba analemba Mzime.

"Alamu, muli bwanji? Ndine wa theka lina la lole."

Yankho silinachedwe. "Eee, alamu anga! Ndakhala ndikupempha nambala yanu. Achimwene anuwa amangoti mawa, mawa."

Mzime anamwetulira yekha. Kani dzina lawo lachikondi lija analiulula mpaka kwa mlongo wake? Mwamuna akamakukamba kwa abale ake ndiye kuti uli mumtima.

"Achimwene ndi otero," analemba. "Akuti lole ibwera Lachisanu."

Kuyambira pamenepo foni sinapume. Alamu, makatoni mwawapeza kuti? Alamu, mbale muzikulunga ndi zovala, manyuzipepala amadetsa. Alamu, mwadya? Mzime, amene anakula wopanda mkulu wake wamkazi pafupi, anayamba kumukonda munthuyu asanamuone n'komwe.

Kenako kunabwera uthenga umene anauwerenga kawiri.

"Pazenera la kuchipinda chogona tisaike katani yolemera. Munthu uja sagona popanda kamphepo."

Asanayankhe, wina unalowa. "Ndipo likakhala tsiku lanu lophika, tsabola muzichepetsa. M'mimba mwake muli zilonda, kungoti iye sanena."

Za zilondazo Mzime sankadziwa. Anakhala pamphepete pa bedi lopanda nsalu. Nsanje yochitira mlamu ndi yochititsa manyazi, sungaiuze munthu. Komabe anaimba foni.

Wamagetsi anayankha pamalo aphokoso.

"Ndi namwino, iwe. Ukufuna asadziwe za zilonda za mlongo wake?" Anaseka, koma kusekako kunachedwa kubwera, ngati munthu wayamba waganiza kaye. "Mukulemberana zambiri, eti? Ndinati za lole basi."

"Tikungodziwana, Achimwene."

"Chepetsani. Ndikuimbira, ndili pamwamba pa polo."

Sanaimbe. Tsiku lotsatira foni yake inkalira osayankhidwa. Linalo inali yotseka.

Amayi ake, amene anali atawerenga mauthenga onse mosabisa foni ili pa tchaja, anangoti: "Mlongo wodziwa mphepo ya kuchipinda kwa mchimwene wake."

"Amayi!"

"Ndanena kanthu ine? Ndikukulunga mbale."

*

Lachinayi masana kunachita mphepo ya fumbi, yotseka zitseko yokha. Makatoni anali ataunjikana mpaka kubisa zenera, m'nyumba muli kamdima ngati kukubwera mvula. Firiji inali yozimitsa, chitseko chili yasa, madzi akudonthera m'beseni.

Kunamveka kugogoda.

Pakhomo panaima mtsikana wamtali, wa nsapato zafulati za anthu oyenda tsiku lonse, jumbo ya malalanje kudzanja ili, tepi yoyezera kudzanja linalo.

"Alamu?"

"Alamu!"

Anakumbatirana ngati anasiyana dzulo. Namwinoyo anapereka moni kwa amayi mwaulemu wonse, n'kukhala pa katoni yolembedwa kuti mapoto.

"Mundikhululukire pobwera osanena. Nyumba yanu wandilozera ndi Kapitawo. Achimwene anu anati ndisakuvutitseni, koma nkhani ya firiji yandisowetsa mtendere. Khichini ija ndinaiyeza ndekha. Mafiriji awiri sakwana."

"Munaiyeza?" Mzime anafunsa. "Munafikako?" Iye nyumbayo ankaidziwira pa zithunzi za pafoni.

"Mwezi watha. Ndinakasankha penti." Namwino ananyamuka, n'kutambasula tepi pa firiji ya Mzime. "Aaa, yanu ndi yaing'ono, zili bwino. Ikhoza kulowa kuchipinda kwanu kwa kumbuyo kuja, kuseri kwa chitseko."

Mzime anaseka. "Kwanga? Kumbuyo ndi kwanu, alamu."

Namwino naye anaseka. "Inu ndi nthabwala! Ine ndizikagona kumbuyo, achimwene anu n'kumagona ndi ndani?"

Anaseka onse awiri. Kenako kusekako kunayamba kuchepa, kuchepa, mpaka kunatsala mano okha. Tepi ija inabwerera yokha m'chikombole chake, thwa!

Amayi a Mzime anaika pansi mbale imene ankakulunga.

"Taimani. Alamu uku, alamu uku, ngati nkhunda padenga. Mwana iwe, khala pansi." Namwino anakhala. "Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu akuti mlamu ndimawadziwa. Ali ngati chitseko cha m'sitolo, amatsegukira uku ndi uku. Mlongo wa mwamuna amati mlamu. Mkazi wa mchimwene amatinso mlamu. Anthu awiri mukhoza kuitanana chaka chathunthu osadziwa amene wakwatiwa. Ndiye ndikufunsa mosazungulira. Iwe ndiwe mlamu wa mbali iti? Mnyamata wamagetsiyu ndi ndani wako?"

Namwino anayang'ana Mzime ngati akupempha thandizo.

"Ndi bwenzi langa, amayi. Tikalembetsa ukwati katundu akangofika. Pepani kuti mwamvera kwa ine. Anati ndisatchule za ukwati kwa mlongo wakeyu, poti inu ndi mayi ake simumwerana madzi."

"Ine? Mayi ena aja ndi ineyo?" Amayiwo anadzimenya pachifuwa. "Bambo ake a mnyamata ameneyo sindinawaonepo n'chipewa chawo chomwe! Uyu ndi mwana wanga, wa mwamuna wanga, ndipo akupita kukakwatiwa ndi wamagetsi yemweyo."

Mzime anatsamira makatoni, ndipo m'kati mwake makapu analira.

"Koma mumati achimwene anu," anatero. "Ndimayesa mukundiseka ndi dzina limene ndimamuitana."

"Inunso mumati achimwene!" Namwino anaimirira, ulemu uja utagwa pansi ngati mbale. "Mkazi wanji amatcha mwamuna wake achimwene? Munandipusitsa dala!"

"Ndikupusitseni ine? Mwalowa m'nyumba mwanga ndi tepi kudzandiyezera kumbuyo!"

"Nyumba ija ndinaikolopa ndi manja angawa. Penti ya m'chipinda chogona ndinasankha ine."

"Soketi ya pazenera anaikira ine!"

Namwino anakhalanso pa katoni. Atalankhula, mawu anali ataphwa.

"Ya pazenera la kukhichini? Yoti muzisita uku mukumuona akubwera?"

Jumbo ija inapendekeka, malalanje n'kugubuduka pasimenti, limodzi mpaka pansi pa kabati. Palibe anatola.

*

Atsikana awiriwo anaimbira Wamagetsi foni mosinthana, wina akaleka wina n'kuyamba. Yotseka. Namwino anakhala pansi, msana kukhoma, n'kunena osayang'ana munthu kuti iye katundu wake ali kale mu lole, anakweza m'mawa, ndipo malo a kuchipatala cha kumeneko sanawapeze n'komwe, mwamunayo ndi amene anati akamupezera.

Mzime ankafuna kumuda. Ankayesetsa ndithu. Koma munthu amene wakhala akukufunsa ngati wadya, udani wake sugwira msanga.

Kunja kunalira hutala. Lole inaima pageti, yaitali, ya tenti yobiriwira, n'kutseka kuwala konse kotsala. Kapitawo analowa atanyamula mabulangeti ndi zingwe.

"Ndati tikweze zolemera lero, mawa tingonyamuka. Aaa, mwapezana! Zakhala bwino."

Amayi a Mzime anaima pakati pa chitseko, manja m'chiuno.

"Bambo, ikani zingwezo pansi. Mwamuna uja pokupatsani ntchitoyi, anati madamu ndi uti mwa awiriwa?"

Apa tinene zoona, ngakhale n'zochititsa manyazi. Mzime, ndi zonse anamvazo, mtima wake unaimabe chilili kudikira kuti chala cha Kapitawo chiloze iye. Akanaloza iye, mwina akanakhululuka. Anaona Namwino naye atadzutsa mutu, maso ali pa chala chomwecho.

Kapitawo anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo.

"Madamu? Ayi, amayi. Awa onse anati ndi alongo ake, akumuthandiza katundu woyambira nyumba. Anati eni akewo asakwere nawo, abwera m'tsogolo."

"Nanga mukafika usiku kapena iye ali kuntchito, akakutsegulirani ndani?" anafunsanso amayiwo.

"Madamu amene. Ali konko, analowa sabata yatha. Ndi amene ndakhala ndikulankhula nawo za msewu wolowera lole." Kapitawo anamwetulira, osadziwa kuti akuponda pamoto. "Mayi aulemu kwambiri. Akuti akugona pansi, akudikira bedi. Kungoti pafoni sitimvana bwino, khanda limalira."

Mphepo inamenyetsa chitseko cha kukhichini. Mzime anayang'ana bedi lake, loimikidwa kukhoma, lomangidwa kale zingwe. Analigula yekha, ataima m'sitolo ya nsalu mpaka mapazi kutupa.

Pomwepo foni yake inanjenjemera m'dzanja. Nthawi yomweyo ya Namwino nayo inalira pasimenti. Atsikana awiriwo anawerenga, kenako anatembenuzirana mafoni. Mawu anali amodzimodzi, mpaka kadontho komaliza.

"Wokondedwa, pepa foni inafa. Katundu wakwera? Ndakusowa."

Chala cha Mzime chinayamba kulemba chokha, mawu oti akanafika akanapsereza foni. Amayi ake anamugwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira.

"Fufuta."

"Amayi, mundisiye ndimuuze..."

"Ukamuuza athawa. Khoswe samuimbira belu. Lemba kuti wakwera. Nawenso, mwana iwe, lemba chimodzimodzi. Muikepo ndi timitima tanu tija."

Mzime anayang'ana mawu akuti ndakusowa mpaka anayamba kusambira m'misozi. Kenako anafufuta zonse, n'kulemba: "Wakwera, Achimwene." Anatumiza.

Amayi ake anamanga nsalu m'chiuno, mfundo yake yolimba, n'kutembenukira kwa Kapitawo, amene tsopano anali atasiya kumwetulira.

"Kwezani zonse, bambo. Bedi likhale lomaliza, likatsike loyamba. Ndipo tandiuzani, kutsogolo kwa lole yanuyi kumakwana anthu angati?"